Cionetsero ca ku Ndola ndi Anthu a ku Luangwa

Kumwera kwa mzinda wa Kitwe, kufupi ndi mtsinje wa Kafue ndi mseu waukuru wopita ku Ndola, kuli mudzi wa anthu ambiri dzina lace Luangwa. Omvera a kum'mawa asasokonezeke nalo dzinali. Si mtsinje uja auoloka anthu popita ku Chipata, ndiponso si Boma lija kale linachedwa Feira. Luangwa ameneyu ndi komboni ya m'tauni, ya m'dera limodzi ndi Wusakile ndi Chamboli, koma yosiyana nazo pa cinthu cimodzi: nyumba zace sizinamangidwe ndi kampani ya mgodi, anthu anadzimangira okha, yense monga mwa mphamvu yace. Cinenero ca pamsika ndi Cibemba, monga m'matauni onse a ku Migodi, koma mwa anthu ace muli adzukuru a amuna amene anacokera ku Fort Jameson, ku Petauke, ku Lundazi ndi ku Nyasaland kudzafuna nchito, ndipo Cinyanja cimvekabe m'nyumba zina.

Caka ndi caka anthu amenewa ali ndi maulendo awiri amene ana awawerengera masiku. Woyamba ngwa pafupi, wa ku cionetsero ca mzinda wao wa Kitwe, cimene cicitika kumapeto kwa May kapena kuciyambi kwa June. Waciwiri ngwa mamailosi ngati 40, wa ku Ndola, ku cionetsero cacikuru ca malonda a maiko ambiri cimene aliyense acicha Trade Fair. Ico cigwera pa chuthi ca Ngwazi ndi ca Umodzi, ndilo Lolemba loyamba la July ndi Laciwiri lace. Ciliponso ca ku Lusaka, ca pa tsiku la Alimi m'mwezi wa August, koma kumeneko n'kutali, ndipo ndalama za basi n'zambiri. Ku Ulaya zionetsero zotere zicitika m'nyengo yao yotentha, pamene dzuwa licedwa kulowa. Kuno zicitika m'cisanu ceniceni, anthu atabvala majekete ndi zipewa zaubweya, pakuti ndiyo nthawi imene mvula yaleka, miseu yauma, ndi dzinthu zalowa m'nkhokwe.

Mbiri ya zionetsero zimenezi ndiyo mbiri ya katundu: kumene anacokera, amene anampanga, ndi amene analoledwa kumuyandikira.

Ndola anali malo a malonda Azungu asanafike. Dziko ndi la Alamba, koma kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 Aswahili ogula minyanga ndi akapolo anakhazikika kumeneko, ndipo mtengo wa mupapa umene ankasonkhana patsinde pace unaimabe m'kati mwa tauni zaka zambiri pambuyo pace, anthu naucha Mtengo wa Akapolo. Boma linamangidwa m'caka ca 1904, ndipo njanje inafika m'1909 pa ulendo wace wa ku Katanga. Pamene migodi yaikuru ya mkuwa inayamba kuturutsa cuma, wa Roan Antelope ku Luanshya m'1931, wa Nkana pambuyo pace pang'ono, wa Mufulira m'1933 ndi wa Nchanga m'1939, Ndola anasanduka khomo la dziko lonse la Migodi. Katundu wocokera kumwera anatsikira kumeneko, nasungidwa m'nyumba zazikuru za amalonda, nagawidwa ku matauni ena. Kitwe anabadwa mocedwa, m'1936, monga tauni ya masitolo pambali pa mgodi wa Nkana. Cotero mzinda wina unali wokumba, wina wogulitsa, ndipo n'cosadabwitsa kuti cionetsero ca malonda cinamera ku Ndola.

Mwambo weniweni wa cionetsero unadza ndi alimi acizungu a m'mbali mwa njanje. Cao cochuka cinali ku Kafue, cisanasamukire ku Lusaka. Kumeneko anapikisana pa ng'ombe, pa cimanga, pa fodya, ndi pa mikate ya madona. Munthu wakuda analipo ndithu, pakuti ndiye anasambitsa ng'ombe, naigwira cingwe pamaso pa oweruza. Koma pa mphotho panalembedwa dzina la mwini munda.

Ku Migodi kunali munthu wa mtundu wina, amene alimi a ku Kafue sanamganizire. Ameneyu ndiye wa nchito wolandira ndalama pakutha pa tikiti ya masiku 30, amene maso ace anali pa katundu wa m'sitolo. Godfrey Wilson, pofufuza makhalidwe a anthu a ku Broken Hill ca m'ma 1940, anapeza kuti gawo lalikuru la ndalama zao linathera pa zobvala. J. Clyde Mitchell, amene analemba za gule wa kalela wa ku Luanshya m'buku loturuka m'1956, anaona anyamata ogwira nchito zapansi alikubvina atabvala mathalauzi osita bwino ndi nsapato zopukuta, wina wa iwo atabvala monga dotolo. Azungu ena anaseka zimenezi, nati n'kutsanzira cabe. Analakwa. Munthu amene atukwanidwa pansi pa mgodi masiku asanu ndi limodzi, pa Sabata afuna kuoneka monga munthu, ndipo cobvala ndico cinali mboni yace. Mnyamata wa ku Nyasaland wophunzira ku Livingstonia kapena ku Blantyre, amene anapeza ukalaliki, anadziwika ndi suti, tai ndi njinga. Wobwerera kumudzi anayesedwa ndi bokosi lace: mabulangete angati, nsaru za amai ndi apongozi zingati, kodi mulinso makina osokera kapena galamafoni? Akuru anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo wa ku Migodi wofika cimanjamanja anacita manyazi kuposa wosapita konse. M'1949 kunabweranso cina cosiririka, wailesi yaing'ono ya maonekedwe a poto, yopangidwa ndi kampani ya Ever Ready, mtengo wace £5, batire lace 25s.

Tsono apa ndipo panali cironda. Ndalama za munthu ameneyu zinalandiridwa, koma thupi lace linakanidwa. M'masitolo ambiri a Azungu wakuda sanaloledwe kulowa pakhomo. Anaima pa kazenera ka kumbali, nachula cimene afuna, nalandira cimene ampatsa, osasankha, osayesa, osafunsa. Ku mabuchala nyama ya anthu akuda inali yokulungiratu m'pepala, ndipo wogula anaidziwa atafika kunyumba. African National Congress, yotsogozedwa ndi Harry Nkumbula, inauza anthu kuti aleke kugula ku mabuchala a ku Lusaka m'1954, ndipo m'1956 kunyanyala masitolo kunafika ku Migodi. M'September wa caka comweco, atacuruka masitiraka a m'migodi, Boma linagwira atsogoleri ambiri a anthu a nchito. Lamulo lotsegula nyumba zodyera ndi za kanema kwa mitundu yonse linadza m'1960.

Pa cifukwa cimeneci cionetsero cinali ndi tanthauzo lace lapadera kwa munthu wa ku komboni. Tsankho silinathere pa cipata cace, pakuti masiku amenewo silinathe pena pali ponse. Koma wamalonda amene walipira malo kuti aonetse katundu afuna maso ambiri, ndipo galimoto kapena citofu ca magetsi sangacionetse pa kazenera. Kumeneko katundu anaturuka poyera. Munthu anatha kumzungulira, kumyang'anitsitsa, kufunsa mtengo wace, ndi kucoka osagula kanthu, monga acitira wogula wolemekezeka ali yense. Ana a lero, amene alowa m'sitolo iri yonse ndi kukankha kangolo, sangathe kudziwa kulemera kwace kwa cinthu cimeneco.

Zaka zimenezo zinali za Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene cinayamba m'1953 ndi kutha pa mapeto a 1963. Zazikuru zonse zinali kumwera. M'1953 ku Bulawayo kunacitika cionetsero cokumbukira zaka 100 za kubadwa kwa Cecil Rhodes, ndipo amai a Mfumukazi Elizabeth anabwera kucokera ku England kudzacitsegula. M'1960 mzinda womwewo unayamba cionetsero ca malonda ca maiko onse atatu. Msonkho wa mkuwa wa ku Nkana ndi ku Mufulira unapita ku Salisbury, mafakitale namangidwa ku Salisbury ndi ku Bulawayo. Ngakhale dziwe la magetsi, limene a kumpoto anafuna kuti likhale pa Kafue, linamangidwa pa Kariba, makina ace nakhala tsidya la kumwera. Amalonda a ku Ndola anayamba cionetsero cao m'zaka zomwezo za m'ma 1950, koma munthu wowerenga malemba a pa katundu anapeza maina a Britain, South Africa ndi Southern Rhodesia. Dziko linaturutsa mkuwa, niligula zonse zotsala kwa eni.

Pa 24 October 1964 Northern Rhodesia anakhala Zambia. Ciwerengero ca Trade Fair ciyambira m'masiku amenewo, kotero kuti ca m'caka ca 2014 cinachedwa ca 50, pamodzi ndi zaka 50 za ufulu. Koma cimene cinasintha nkhope ya Ndola koposa ndico cimene anacita Ian Smith pa 11 November 1965, pamene analanda ulamuliro wa Rhodesia popanda cilolezo ca Britain. Mafuta a galimoto, amene anadzera kumwera, anatsekeka. Anayamba kubwera pa ndege, ndi m'migolo pa malole oyenda mseu woipa wa ku Dar es Salaam, umene unapha madalaivala ambiri. M'1968 paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710, inafika ku Ndola. M'1973, caka cimene Smith anatseka malire, fakitale yoyenga mafuta ya Indeni inayamba nchito komweko, ndipo m'1975 njanje ya TAZARA inafika ku Kapiri Mposhi. M'April 1968, ku Mulungushi, Kenneth Kaunda analengeza kuti Boma lidzatenga magawo 51 mwa 100 a makampani akuru oposa 20, ndipo m'August 1969, ku Matero, ananena comweco za migodi. Ngakhale ndalama inasintha dzina: mapaundi ndi masheleni analeka m'January 1968, kunadza Kwacha ndi ngwee.

Cifuniro ca Boma cinali cakuti dziko lidzipangire lokha zimene kale linagula kumwera, ndipo Ndola ndiye anapindula. Kumeneko kunapangidwa matayala a Dunlop, sopo ndi mankhwala otsukira mano a Colgate-Palmolive, simenti, laimu, shuga woyengeka, mowa wa m'mabotolo ndi ulusi wa thonje. Kunalumikizidwanso galimoto za Land Rover. Madera akutali anapatsidwa gawo lao: mabatire ku Mansa, tiyi ku Kawambwa, zinanazi za m'zitini ku Mwinilunga, mabotolo ku Kapiri Mposhi, nsaru ku Kafue, galimoto za Fiat ku Livingstone, ndi pambuyo pace njinga ku Chipata. Ambiri mwa mafakitale amenewa anali pansi pa bungwe la Boma lochedwa INDECO. Ameneyu ndiye anali katundu wa Trade Fair wa masiku amenewo, ndipo mutu wa dziko, nthawi zambiri pamodzi ndi mutu wa dziko lina woitanidwa, anayenda nyumba ndi nyumba kumuona. Bambo wa ku Luangwa wogwira dzanja la mwana wace anatha kuloza tayala ndi kunena kuti amalume ako ndiwo apanga zimenezi. Atate ace a iye sanathe kunena mau otero pa cinthu ciri conse ca m'sitolo.

Komabe anyamata a ku Wusakile, ku Chamboli ndi ku Luangwa sanapite ku Ndola kukaona simenti. Anapita kukamva magitala. M'zaka za m'ma 1970 ku Migodi kunabuka nyimbo zaphokoso zochedwa Zamrock, ndipo magulu awiri ochuka, WITCH ndi Amanaz, anali a ku Kitwe. Mbale za nyimbo zinadindidwa ku Ndola konko, ku kampani ya Teal, ndipo Edward Khuzwayo, mwini Zambia Music Parlour, anali nalo likuru lace mumzinda womwewo. Kaunda atalamula kuti wailesi iziimba makamaka nyimbo za m'dziko, oimba anacuruka, ndipo zionetsero za ku Kitwe, ku Ndola ndi ku Lusaka ndizo zinali mabwalo ao akuru, kumene gulu linayesana mphamvu ndi linzace pamaso pa khamu. Panalinso bandi ya apolisi, perete wa asilikali, mpira, ndi zoseweretsa ana zozungulira. M'khamu lotere munthu anakomana ndi wa kwao amene sanamuone zaka zambiri, nafunsana za maliro ndi za mvula ya kumudzi. Mngoni ndi Mbemba, pokhala pa cimbuya, anatonzana pa mzere wogulira matikiti, wina nanena za mbewa, wina za anyani, popanda wokwiya.

Nyumba yonseyi inaima pa mzati umodzi. Mafakitale ambiri anagula makina, zitsulo ndi mankhwala kunja, ndipo ndalama zogulira zinacokera ku mkuwa. Ena sanapange kanthu kweni kweni, koma kulumikiza zidutswa zobwera m'mabokosi. Mafuta atakwera mtengo m'1973, mkuwa nugwa mtengo m'1975, mzatiwo unayamba kufumbwa. M'zaka za m'ma 1980 amai a ku Luangwa anadzuka usiku kukaima pa mzere wa sopo, wa saladi, wa shuga ndi wa ufa, ndipo kawiri kawiri anabwerera ndi dengu lopanda kanthu. Koma pofika July, ku Trade Fair anapeza zomwezo zitaunjikidwa bwino bwino, zonyezimira, zoti aone. Mwambi uti fodya wako ndiye ali pamphuno, ndipo sopo wa pa cionetsero sanacape malaya a munthu. Kazenera kanali katacoka, khomo la sitolo linali lotseguka kwa onse, koma m'katimo munali mashelefu okha. M'December 1986 Boma litakweza mtengo wa ufa woyera, cipolowe cinabuka ku Kitwe ndi ku matauni ena a ku Migodi, masitolo anaswedwa, ndipo anthu 15 anafa.

Amene analowa m'malo mwa Kaunda m'1991 anali munthu wodziwika bwino ku Ndola. Frederick Chiluba anagwira nchito zaka zambiri ku kampani ya Atlas Copco mumzindamo, nakhala mtsogoleri wa mabungwe a anthu a nchito kuyambira m'1974. Boma lace linatsegula malire kwa katundu wa kunja, niligulitsa makampani a Boma. Mizere ya sopo inatha m'kanthawi kocepa, ndipo cimeneci anthu anacikondwerera ndithu. Koma mafakitale amene anakula mochinjirizidwa sanathe kupikisana ndi katundu wochipa wa ku South Africa ndi ku Zimbabwe. Dunlop anatseka, Colgate-Palmolive analeka kupangira ku Ndola, ndi ena ambiri anatsata. Zobvala zakale za ku Ulaya, zimene acicha salaula, zinamaliza mafakitale a nsaru ndi a zosoka. Dera la mafakitale la ku Ndola linamera udzu. Kugulitsa kwa migodi ya ZCCM kunatha m'caka ca 2000, wa Nkana nupita kwa kampani ya Mopani, ndipo anthu zikwi zambiri anacotsedwa nchito. Ena mwa iwo anasiya nyumba za ku mgodi kwa obwereka, nasamukira ku makomboni a mtengo wocepa monga Luangwa, kumene anayamba kuumba njerwa, kulima ndiwo m'mbali mwa Kafue, kapena kugulitsa makala.

Mkuwa unakweranso mtengo m'zaka za m'ma 2000, ndipo zionetsero zinadzukanso, koma ndi nkhope yina. Ca ku Kitwe cinapendekera ku makampani ogulitsa zipangizo za m'migodi, cinalandiranso dzina lacidule lakuti CAMINEX. Kumeneko kuima makina onyamula miyala a matayala otalika kuposa munthu, opangidwa kutsidya kwa nyanja, ndipo wogulitsa alankhula ndi mainjiniya. Wa ku Luangwa angojambulitsa cithunzi pambali pace. Ku Ndola kubwera amalonda a maiko oyandikana ndi a ku Asia ndi nsapato, mapoto, nsaru ndi mafoni. Pakati pao pali amalonda ang'ono a m'dziko ndi uci wa ku North-Western, ciponde ca m'mabotolo, mpunga, mipando ndi madiresi a citenje, ndipo kuliponso makampani ena atsopano opanga sopo, zakumwa ndi simenti m'Zambia momwemo. Indeni analeka kuyenga mafuta, ndipo kuyambira m'2023 paipi ya TAZAMA inyamula dizilo woyengedwa kale kunja. Mopani anasintha eni kawiri, m'2021 ndi m'2024.

M'2020 ndi m'2021 zipata za Trade Fair sizinatseguke cifukwa ca mliri wa korona, ndipo ca m'2019 cikhala ca 55, ca m'2022 ndico cinachedwa ca 56. Anthu anabwerera monga kale, m'maminibasi odzaza ocokera ku Kitwe, ana atapakidwa utoto kumaso, amai atanyamula cakudya ca kunyumba kuti asagule ca mtengo wa pa cionetsero. Nyumba zambiri zokongola za masiku ano ndi za mabanki, za makampani a mafoni, ndi za mabungwe a Boma: la msonkho, la magetsi, lolembetsa mabizinesi, ndi la penshoni lochedwa NAPSA. M'April 2023 kunadza lamulo lolola wa nchito kutapa magawo 20 mwa 100 a ndalama zace za penshoni asanapume. Cotero mwa okwera basi ku Luangwa m'mamawa wa tsiku la Ngwazi muli ena amene m'thumba mwao mulibe ndalama zogulira kanthu, koma citupa ndi mapepala a ku nchito yakale, okulungidwa bwino m'pulasitiki.